Mwana akufuna kufufuza za kugwa kwa ndalama ndi mabanki, timulole?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo akuti:

"Ndinabadwira kuno koma makolo anga anachokera ku Dedza. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina ku Southerton, penshoni yanga inapsa mu 2008. Panopa ndine msungichuma wa sosaite yathu ya maliro. Mwana wamkazi wa mchemwali wanga, amene ndamulipirira sukulu chimwalirireni bambo ake, akumaliza digiri ya zachuma ku University of Zimbabwe. Banki ina yamulonjeza ntchito, koma iye akuti akufuna apitirize mpaka PhD, azifufuza chimene chimagwetsa ndalama ndi mabanki, aziphunzitsanso ku yunivesite. Ine ndikuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiponso amene anatigwetsa m'dziko muno si omwewa ophunzira zachuma? Ntchito yotere imadyetsa munthu? Idzatenga zaka zingati? Sadzalowa nayo m'mavuto ndi akuluakulu? Amayi ake asiya nkhaniyi m'manja mwanga."

Achimwene, zikomo pomulera mwanayu mpaka pamene wafikapa. Mtima ukhale m'malo. Chimene akufunacho ndi ntchito yeniyeni imene anthu amakalamba nayo, ndipo ine ndadyera momwemo zaka zambiri, kuphunzitsa ndi kufufuza nkhani zimenezi kuno ku Harare. Kulemera sadzalemera nayo, ndisakunamizeni, koma amene waigwira bwino sagona ndi njala. Pali njira yoti ntchito ya ku bankiyo isatayike pamene sukulu ikupitirira, tifikako. Ndiyambe ndi funso limene ndikuona kuti likukuwawani kwambiri, lakuti kodi si ophunzira amene anatigwetsa.

Inu ndi ine tinaliona dola la Zimbabwe lili ndi mphamvu kuposa la America mu 1980. Ambiri amati zinayamba kusokonekera pa 14 November 1997, Lachisanu lija dola linataya mphamvu yoposa theka tsiku limodzi. Chaka chomwecho boma linali litalonjeza omenyera ufulu madola a Zimbabwe 50,000 aliyense, ndalama zimene munalibe m'bajeti. Mu 1998 asilikali anapita ku nkhondo ya ku Congo, nayonso yodya ndalama zakunja. Kuyambira 2000 mafamu analandidwa, zokolola zogulitsa kunja zinatsika, ndipo abale athu ambiri amene ankagwira ntchito m'mafamumo anatsala padzuwa. Msonkho utachepa, obwereketsa akunja atatseka khomo chifukwa cha ngongole zosabwezedwa, boma linatembenukira ku Reserve Bank. M'nthawi ya Gideon Gono, amene anali gavanala kuyambira 2003 mpaka 2013, banki yaikuluyo inkagula mathirakitala, ngolo ndi feteleza, mpaka kugawa zakudya zotsika mtengo, ntchito zosakhala za banki. Ndalama zake zinkachokera ku makina osindikizira. Zotsatira mukuzidziwa kuposa ine. Pa ndalama yathu maziro 3 anadulidwa mu 2006, ena 10 mu 2008, ena 12 mu February 2009. Pamene pepala la madola 100 thiliyoni linkatuluka mu January 2009, ogulitsa ambiri anali atasiya kale kulandira ndalama ya dziko lino. Mu 2015 potseka nkhani ya dola lakalelo, akaunti iliyonse yokhala ndi ndalama zosaposa 175 yotsatana ndi maziro 15 inapatsidwa madola 5 a ku America basi.

Pa zonsezi palibe chimene ofufuza sankachidziwa. Kale mu 1956 Phillip Cagan anasanthula maulendo 7 amene mitengo inapenga m'mayiko a ku Ulaya, ndipo ndi iye anaika malire akuti mitengo ikamakwera kuposa 50 peresenti pamwezi, ndalama yalowa matenda oopsawo. Anaonetsanso kuti anthu akazindikira kuti ndalama ikuwola, aliyense amathamangira kuitaya pogula katundu, ndipo kuthamangako kumakwezanso mitengo. Mu 1982 Thomas Sargent anafufuza mmene vuto lomweli linathera ku Germany, Austria, Hungary ndi Poland nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Anapeza kuti mitengo inaima mwadzidzidzi pamene boma linaletsedwa kubwereka ku banki yaikulu n'kukonza bajeti yake. Kuno zinachitikanso momwemo. Mu 2009 dziko litayamba kugwiritsa ntchito madola a America ndi marandi, makina osindikizira atazima, nduna ya zachuma Tendai Biti n'kumati boma lizidya chimene lapha, mitengo inaima m'masabata ochepa, ina kutsika kumene. Mankhwala ankadziwika kuyambira kale, chimene chinkasowa ndi woti avomere kumwa.

Komabe sindikufuna kutchinjiriza anzanga onse. M'maofesi amene ankasaina zinthu zimenezi munali anthu a madigiri. Ena analemba malangizo abwino n'kunyalanyazidwa, ena anakhala chete poganizira fizi ya ana awo, ena ankaomba m'manja. ESAP ya 1991, ndondomeko yokonzanso chuma imene inatsegula malire a malonda mwamsanga n'kusiya mafakitale ambiri, makamaka a nsalu, akupuma movutika, inalembedwanso ndi akatswiri a zachuma, a kuno ndi a ku Washington. Mthuli Ncube ali ndi PhD ya ku Cambridge, anali mkulu wa akatswiri a zachuma ku African Development Bank, anaphunzitsapo ku Oxford, koma ali pa mpando wa nduna ya zachuma mitengo inakwera ndi 837 peresenti pachaka mu July 2020. Anthu amatsutsana za gawo limene lili lake pa mlanduwo, poti anapeza maakaunti atadzaza kale ndi manambala otchedwa madola opanda madola enieni kumbuyo kwake. Ine ndimangoona kuti munthu akalowa m'boma, ndale ndi zimene zimagwira chiwongolero, ndipo digiri imakhala kumbuyo. N'chifukwa chake dziko limafunika ena otsala kunja, a ku yunivesite, amene angawerenge manambala mosaopa kuchotsedwa pa mpando. Mwana wanuyu akufuna kukhala m'gulu limeneli.

Ndikuuzeni mmene ntchitoyi imakhalira tsiku ndi tsiku, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi kuvala suti n'kumayankhula pa wailesi yakanema. Theka lake ndi kuphunzitsa ndi kuchonga mapepala a ophunzira. Theka linalo ndi kukhala wekha pa kompyuta ndi ziwerengero: mitengo ya zinthu mwezi ndi mwezi, kuchuluka kwa ndalama zimene zili m'manja mwa anthu ndi m'mabanki, chiwongoladzanja, mtengo wa dola ku banki ndi wa osintha ndalama pa depoti ya mabasi ya Roadport. Umafunsa funso limodzi laling'ono, umalitsata chaka kapena ziwiri, umalemba pepala, anzako osawadziwa amaliwerenga n'kulikana, umalikonza, umatumizanso. Munthu wofuna kuona zipatso Lachisanu lililonse ntchitoyi imamutopetsa msanga.

Koma mafunso ake ndi oti inu muwamva. Tengani sosaite yanu ya maliro. Tinene kuti gawo la ndalama mwabwereketsa mamembala kuti zibereke, m'bokosi mwasiya zokwanira maliro awiri kapena atatu. Zonse zili bwino, mabuku ndi oyera. Ndiye pamveke mphekesera yoti msungichuma wadya ndalama, ndipo Loweruka limodzi aliyense abwere kudzafuna zake. Ngakhale simunabe senti, bokosi lidzauma anthu asanathe pamzere, ndipo bodza lija lidzasanduka zoona. Banki iliyonse pa dziko lapansi imakhala chomwechi: imalandira ndalama zoti mwini angazifune mawa, n'kuzibwereketsa kwa zaka. Douglas Diamond ndi Philip Dybvig anaika zimenezi m'masamu mu 1983, n'kuonetsa chifukwa chake boma liyenera kutsimikizira osunga ndalama kuti banki ikagwa adzalandirako zawo. Kuno ntchito imeneyo ndi ya Deposit Protection Corporation, ndipo amene anaima pa mizere ya mabanki otsekedwa mu 2004, ndi enanso pakati pa 2012 ndi 2015, akudziwa kuti chitetezocho chili ndi malire. Chaka chomwecho cha 1983 Ben Bernanke, ali mphunzitsi wachinyamata, anaonetsa kuti kugwa kwa mabanki ku America m'zaka za m'ma 1930 sikunali chotsatira chabe cha mavuto a zachuma, kunawakulitsa, chifukwa banki ikafa imafa ndi zonse zimene inkadziwa za obwereka ake, ndipo mlimi kapena mwini sitolo wokhulupirika amasowa womukongoza. Patapita zaka zoposa 20 iye ndi amene anali mkulu wa Federal Reserve, banki yaikulu ya America, kuyambira 2006 mpaka 2014. Pa 15 September 2008, tsiku limene Mugabe, Tsvangirai ndi Mutambara ankasaina pangano la boma la mgwirizano kuno ku Harare, banki ya Lehman Brothers inagwa ku New York, ndipo zimene Bernanke anafufuza ali mnyamata ndi zimene anagwiritsa ntchito kuti mabanki ena asatsatire. Diamond, Dybvig ndi Bernanke analandira mphoto ya Nobel mu 2022. Sindikunena kuti mwana wanu adzafika pamenepo. Ndikungoonetsa kuti pepala lolembedwa mu ofesi yaing'ono limatha kudikira zaka zambiri lisanapeze tsiku lake.

Mtsikanayu ali ndi mwayi umene anzake a ku London alibe. Zimene iwo amawerenga m'mabuku, iye wakulira momwemo. Wakula akuona bond note ya 2016, ndalama yapepala ya Reserve Bank imene ankati ndi yofanana mphamvu ndi dola la America. Waona ndalama za m'maakaunti zikusandutsidwa ndalama ya dziko lino yotchedwa RTGS mu February 2019, ndalama zakunja zikuletsedwa mu June chaka chomwecho n'kuloledwanso chaka chotsatira. Waona chiwongoladzanja cha banki yaikulu chikukwezedwa kufika 200 peresenti mu 2022, ndalama zagolide za Mosi-oa-Tunya, kenako ndalama yatsopano ya ZiG imene gavanala John Mushayavanhu anaitulutsa mu April 2024 pa mtengo wa 13.56 pa dola, n'kugwetsedwa ndi 40 peresenti ndi kuposerapo mu September chaka chomwecho. Chilichonse mwa izi ndi mutu wa kafukufuku, ndipo zambiri sizinafufuzidwe mokwanira. N'chifukwa chiyani mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika amasintha mtengo wake m'mawa banki isanatsegule, ndipo amaumva kwa ndani? Pamene boma linalamula mabanki kusiya kubwereketsa mu May 2022 n'kubweza lamulolo patangopita masiku ochepa, mabizinesi ang'onoang'ono anatani? Anthu amene anapsa kawiri, mu 2008 ndi mu 2019, adzafuna kuona chiyani kuti adzasungenso ndalama ya dziko lawo usiku umodzi? Funso lomalizali ndi limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse, ndipo golide wa m'chipinda cha banki payekha sangaliyankhe. Poti mwanayu amayankhula Chichewa, angathenso kuyerekeza ndi kumudzi, kumene kwacha inagwetsedwa mu May 2012 Joyce Banda atangolowa, kenako ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Ku Malawi mitengo sinapengepo ngati kuno, koma kusowa kwa ndalama zakunja ndi mizere ya mafuta a galimoto n'zofanana. Wofufuza amene angakhale pansi ndi ogulitsa a ku Limbe ndi a ku Mbare, aliyense m'chiyankhulo chake, sapezekapezeka.

Tsopano zolimba. Chimene chimagwetsa ambiri pa njira imeneyi ndi masamu. Zachuma za digiri yoyamba zili ndi nkhani zambiri zokambirana, koma kuyambira pa mastazi kupita m'tsogolo ndi calculus, linear algebra, statistics ndi econometrics tsiku lililonse. Musamufunse ngati amakonda zachuma, poti adzati inde. Mufunseni mmene anakhozera masamu ndi econometrics, ndipo akuonetseni pepala la zotsatira. Ngati anakhoza bwino, njira ndi yotseguka. Ngati anangodutsa mokwawa, asataye mtima, koma chaka chimodzi achipereke ku masamu asanapemphe malo kulikonse. Aphunzirenso R kapena Python, mapulogalamu aulere a pa kompyuta, kuwonjezera pa Stata kapena EViews zimene mwina anagwirako kusukulu. Chizindikiro china ndi kafukufuku wake wa chaka chomaliza. Amene anamuchita mokakamizika kuti angomaliza, PhD idzamuzunza. Amene ankaiwala kudya chifukwa manambala sakugwirizana, ameneyo ndi wa ntchitoyi.

Zaka zake ndi izi. Mastazi ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. PhD ya ku South Africa kapena ku Britain imatenga zaka 3 kapena 4, ya ku America 5 kapena 6 chifukwa zaka ziwiri zoyamba zimakhala za m'kalasi. Ndiye muwerengere zaka 4 mpaka 8 asanakhazikike. Ndi nthawi yaitali, ndipo anzake a ku banki adzakhala atagula magalimoto.

Pa za fizi mvetsetsani bwino. Musagulitse nyumba ya ku Mufakose, musapite kwa akatapila, musakhudze ndalama za sosaite. PhD yabwino ya zachuma imalipira wophunzira, wophunzira salipira. Mayunivesite akuluakulu a ku America akamutenga munthu amamuchotsera fizi n'kumamupatsa kangachepe ka mwezi ndi mwezi, iye n'kumathandiza kuphunzitsa. Sukulu imene ikufuna kuti banja lilipire zonse za PhD, muikayikire. Pa mastazi ndi pamene pamavuta, koma makomo alipo. African Economic Research Consortium ya ku Nairobi, imene inayamba mu 1988, ili ndi maphunziro a mastazi ndi PhD ochita mogwirizana ndi mayunivesite a mu Africa, ndipo aphunzitsi a zachuma ambiri a m'chigawo chino anadutsa momwemo. Beit Trust imathandiza ophunzira a mayiko atatu okha, Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, kukachita maphunziro apamwamba ku Britain kapena ku South Africa. Palinso Rhodes ya ku Oxford, Chevening ya boma la Britain, DAAD ya Germany ndi Fulbright ya America. Mpikisano ndi waukulu, ndiye apemphe kwambiri, asadalire khomo limodzi. Cape Town, Stellenbosch, Pretoria ndi Wits zili ndi madipatimenti olimba a zachuma, ndipo basi ya pa Roadport imafikako, zimene zingatonthoze amayi ake.

Nanga ntchito ya ku banki ija? Ine ndikanati aitenge, koma adziikire malire. Zaka ziwiri m'banki si kutaya nthawi kwa munthu wofuna kufufuza mabanki. Adzaona ndi maso mmene ngongole imavomerezedwera, mmene banki imachitira Reserve Bank ikatulutsa lamulo Lachisanu madzulo, mmene makasitomala amathawira ndalama ina kupita ku ina. Chevening imafunanso munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Ngati n'kotheka apemphe gawo losunga ndi kugulitsa ndalama, kapena loyeza kuopsa kwa ngongole, osati kukhala pa kauntala yokha. Ngozi yake ndi yakuti malipiro amatsekemera. Ndaona ophunzira anga anzeru kwambiri akunena kuti chaka chamawa ndibwerera kusukulu, chaka chamawacho n'kukhala ngongole ya galimoto, kenako ya sitandi, masamu n'kuiwalika. Inunso apa muli ndi gawo. Akangoyamba kulandira, banja lonse lidzayang'ana kwa iye, ndipo ndi inu atsibweni amene mungauze abale kuti mwanayu akusungira ulendo wa sukulu.

Akamaliza, kogwira ntchito si ku yunivesite kokha. Reserve Bank pa Samora Machel Avenue ili ndi gawo la kafukufuku, unduna wa zachuma ndi bungwe la ziwerengero za dziko la ZIMSTAT zimafuna anthu otere. MEFMI, bungwe lophunzitsa ogwira ntchito m'mabanki aakulu ndi m'maunduna a zachuma a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, likulu lake lili konkuno ku Harare, chimodzimodzi African Capacity Building Foundation. Kunja kuli IMF, World Bank ndi African Development Bank. Malipiro a mphunzitsi wa yunivesite kuno amakwera ndi kutsika pamodzi ndi ndalama ya dziko. Mu 2008 ifenso tinkalandira ndalama yosakwana kombi ya mwezi, ndipo anzathu ambiri anawoloka Limpopo osabwereranso. Amene tinatsala tinaphunzira kudalira malipoti olembera mabungwe olipira madola. Amadyetsa ana, koma ukawazolowera kafukufuku wako weniweni amafa osazindikira, ndipo mwanayu adzayenera kusamala pamenepo. Za ukazi wake zisakudetseni nkhawa. Charity Dhliwayo anagwirizirapo mpando wa gavanala wa Reserve Bank Gono atachoka, Janet Yellen anachoka m'kalasi ku Berkeley n'kudzatsogolera Federal Reserve, Gita Gopinath wa ku Harvard anakhala mkulu wa akatswiri a zachuma ku IMF mu 2019.

Mwafunsa ngati sadzalowa m'mavuto. Funsoli ndi lomveka, chifukwa m'dziko muno manambala amakhudza ndale. Chiwerengero chomaliza cha kukwera kwa mitengo chimene boma linatulutsa mu 2008 chinali cha July, 231 miliyoni peresenti pachaka, kenako zii. Amene anadzaza mpatawo ndi Steve Hanke wa ku Johns Hopkins ndi mnzake, amene anayerekeza mtengo wa sheya ya Old Mutual pa msika wa Harare ndi wa London kuti apeze mphamvu yeniyeni ya dola lathu. Anapeza kuti pakati pa November 2008 mitengo inkakwera ndi 79.6 biliyoni peresenti pamwezi, kutanthauza kuwirikiza kawiri pafupifupi tsiku lililonse, ndipo m'mbiri yonse ndi Hungary ya 1946 yokha inatiposa. Mu August 2019 boma linaimitsanso kulengeza kukwera kwa mitengo kwa pachaka mpaka chaka chotsatira, ndipo mu June 2020 linatseka msika wa masheya kwa kanthawi, n'kuloza chala njira yomwe ija ya Old Mutual kuti ikusokoneza mtengo wa dola. Ndiye zoona, wowerenga manambala nthawi zina amaponda zala za akuluakulu. Koma pa zimene ndaona, amene amakumana ndi mavuto kwambiri ndi ofuula pa Facebook ndi pa misonkhano. Wolemba pepala lodekha, loonetsa kumene nambala iliyonse yachokera, lopanda kutukwana munthu, kawirikawiri amasiyidwa, nthawi zina mpaka kuitanidwa mwakachetechete kuti adzafotokoze. Chomuteteza chachikulu ndi kusalakwitsa manambala. Mu 2013 Thomas Herndon, wophunzira chabe pa University of Massachusetts Amherst, anapeza kuti pepala lotchuka la Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff a ku Harvard, limene andale ambiri ankaligwiritsa ntchito ponena kuti ngongole ya boma ikaposa 90 peresenti ya chuma cha dziko chitukuko chimaima, linali ndi cholakwa pa Excel chimene chinasiya mayiko 5 kunja kwa chiwerengero. Iye anangopempha ziwerengero zawo n'kuwerenganso yekha. Mwana wa ku Mufakose angathenso kuchita zimenezo.

Mumuuzenso za Thandika Mkandawire, poti ndi mmodzi wa ife. Anabadwira ku Gwanda mu 1940, bambo ake a ku Malawi, mayi ake a kuno. Boma la Kamuzu linamulanda pasipoti m'zaka za m'ma 1960 ali pa sukulu ku America, ndipo anakhala zaka pafupifupi 30 osaponda kumudzi. Anagwirapo ntchito kuno ku Harare pa Zimbabwe Institute of Development Studies dziko litangolandira ufulu, anatsogolera bungwe la ofufuza a mu Africa la CODESRIA ku Dakar ndi bungwe la kafukufuku la United Nations ku Geneva, n'kumalizira ku London School of Economics, ndipo anamwalira mu 2020. Moyo wake wonse anatsutsa ndondomeko za mtundu wa ESAP ndi umboni, ndipo mmodzi wa amene analemba naye limodzi, Charles Soludo, anadzakhala gavanala wa banki yaikulu ya Nigeria mu 2004. Mtengo wa kuyankhula analipira, sindikubisa, koma anasiya ophunzira mu Africa monse.

Za penshoni yanu, ndisadutse osanena. Mu 2015 boma linaika komiti yotsogozedwa ndi Justice George Smith kufufuza mmene mapenshoni ndi inshuwalansi zinasinthidwira kupita ku madola a America, ndipo mu 2023 kunatuluka malamulo oti mabungwe a penshoni akonze zobwezerako amene anataya ndalama 2009 isanafike. Zikuyenda pang'onopang'ono ndipo musayembekezere zambiri, koma tengani mapepala anu onse a kuntchito mupite ku bungwe limene linkasunga penshoni yanu, likapanda kukuthandizani mupite ku IPEC, bungwe la boma loyang'anira mapenshoni ndi inshuwalansi. Aliyense wokuuzani kuti mumulipire kuti akufulumizitsireni, mukaneni.

Chinthu china chimene chimagwetsa ana athu pa mphindi yomaliza ndi mapepala. Ambiri a ife zitupa zathu zinalembedwa kuti ndife alendo ngakhale tinabadwira kuno. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala kuno, ndi nzika yobadwa nayo. Koma chitupa sichisintha chokha, umayenera kupita ku ofesi ya kalembera. Thandizo la maphunziro limafunsa kuti ndiwe nzika ya dziko liti, ndipo popanda pasipoti palibe chimayenda. Onani lero chitupa cha mwanayu, cha amayi ake ndi kalata yake yobadwira. Mukaona chokayikitsa, kapena mukabwezedwa kawiri popanda chifukwa chomveka, funani thandizo kwa maloya othandiza anthu mwaulere, musadikire kalata ya sukulu ifike kaye.

Ine mwanayu sindinamuone, ndiye mawu anga asakhale omaliza. Amene akumudziwa bwino ndi mphunzitsi amene anamuyang'anira pa kafukufuku wa chaka chomaliza. Pemphani kuti mukaonane naye ku yunivesite ku Mount Pleasant, inu ndi mwanayo, mukamufunse mosabisa ngati akuona kuti angakwanitse PhD, ndi kumene ophunzira ake akale anapita. Mphunzitsi woona sadzakunamizani, poti dzina lake ndi limene lidzakhale pa kalata yomuchitira umboni. Makalata otere amafunika awiri kapena atatu, ndipo awapemphe asanachoke pa sukulu, aphunzitsi akadamukumbukira nkhope. Mayunivesite ambiri a ku America amatseka kulandira mafomu mu December kapena January ndipo ambiri amafuna mayeso a GRE, ndiye ngati akulinga kumeneko ayambe kukonzekera masamu a mayesowo miyezi ingapo nthawiyo isanakwane.